Ma wrestler akufa asanakalambe ife tikungoomba m'manja

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za wrestling, poti nkhani imeneyi ikangotchulidwa anthu amagawikana pawiri, awa akuti ndi zabodza zimenezo zoonera ana, awa akuti ayi amamenyanadi, mkangano nkuthera pomwepo. Ineyo masewerawa ndimawakonda kuyambira kale ndipo sindinasiye kuonera, koma chimene chimandiwawa nchakuti pa mkangano wonsewu palibe amene amafunsa kuti anthu amene amagwa mu ringi muja matupi awo amatha bwanji, amakalamba bwanji, komanso nchifukwa chani ambiri mwa iwo ukalambawo samaufika nkomwe.

Zoti wopambana amakhala atadziwika kale nzoona, palibe wotsutsa. Mabwana amagwirizana kuti lero awina uje, ndipo awiri omenyanawo amakambirana mmene zikayendere, nthawi zina amanong'onezana ali mkati mwa ndewu momwemo. Koma munthu wa makilo 110 akakwera pamwamba pa zingwe nkudziponya chagada, ameneyo wagwadi, msana wafika pansi. Ringi ija ena amaiyesa matilesi koma ndi zitsulo, pamwamba pake matabwa, kenako kasiponji kopyapyala ndi chinsalu basi. Chinthu choyamba chimene wophunzira amaphunzitsidwa ndi kagwedwe, amati bump, kugwa ndi msana wonse manja atatambasula chibwano chili pachifuwa kuti mutu usamenye pansi, ndipo amagwa choncho kambirimbiri pa tsiku mpaka thupi lizolowere. Kuzolowera sikutanthauza kuti sakuvulala ayi, kungoti wasiya kudandaula. Ngakhale magazi aja timaona pankhope kale kale, ambiri sanali a penti, munthu ankabisa kachidutswa ka lezala mu bandeji ya pa mkono nkudzicheka yekha pachipumi kamera ikayang'ana kwina, nde mukaona zipumi za madala akale a masewerawa mupeza zipsera zokhazokha.

Koma ine mfundo yanga siili pa kugwa kamodzi koopsa kumene aliyense amakukumbukira. Chimene chawatha anthuwa nchakuti sapuma. Mpira uli ndi nyengo yopuma, wankhonya amamenya kawiri katatu pa chaka nkukapuma miyezi, koma wrestling ilibe zimenezo, pulogalamu ya pa TV ya Raw inayamba mu January 1993 ndipo imaonetsedwa sabata ndi sabata chaka chonse, ithe WrestleMania, chionetsero chachikulu cha pachaka, Lamlungu, Lolemba usiku anthu ali mu ringi kachiwiri. M'zaka za m'ma 1980 ma wrestler ambiri amanena okha kuti ankakhala pa ulendo masiku pafupifupi 300 pa chaka, lero mzinda uno mawa mzinda wina, kutuluka mu ringi cha m'ma 11 usiku thupi likuphwanya, kukwera galimoto kuyenda maola angapo, kugona pang'ono mu hotela, m'mawa ndege, madzulo kugwanso pa matabwa omwe aja. Bondo lotupa lichira nthawi yanji pamenepo?

Ndiye pali nkhani ya kalembedwe ka ntchito imene anthu ambiri oonera saidziwa. Ku WWE, kampani yaikulu ya wrestling ya ku America, ma wrestler sawerengedwa ngati antchito a kampani, pa pepala amalembedwa ngati anthu odziimira paokha, kunena mwachidule ngati aganyu, chonsecho kampani ndi imene imawauza kopita, chovala, choyankhula, dzina loti azidziwika nalo, ndipo saloledwa kukamenya ku kampani ina popanda chilolezo. Waganyu wanji amene saloledwa kukagwira kwina? Zotsatira zake nzakuti inshulansi ya zaumoyo amadzifunira okha, penshoni palibe, ndipo kwa zaka zambiri hotela ndi galimoto ya hayala pa maulendo onse aja zimachokera m'thumba mwawo. Kampani imalipira chithandizo munthu akavulala mu ringi yawo, zimenezo ndisabise, koma msana umene udzayambe kuvuta munthu ali ndi zaka 55 atachoka kalekale, umenewo ndi wake yekha. Bungwe loimira ogwira ntchito alibe. Jesse Ventura, amene pambuyo pake anadzakhala gavanala wa Minnesota, anayesa kuwasonkhanitsa anzake mu 1986 kutatsala pang'ono WrestleMania 2 kuti apange bungwe, nkhani inafika kwa Vince McMahon, mwini kampani pa nthawiyo, isanapite patali nkufera pomwepo, ndipo Ventura anadzamva patapita zaka pa nthawi ya mlandu wake ndi kampaniyo kuti amene anakamuneneza anali Hulk Hogan. Kuchokera apo mpaka lero bungwe kulibe.

Mukaphatikiza zimenezi mumvetsa chifukwa chake munthu amamenya ali wovulala. Ukakhala kunyumba miyezi itatu malo ako wina watenga, oonera akuiwala, ndalama zachepa, nde umangomanga bandeji nkumwa mapilisi. Mapilisi opha ululu kuti ukwere mu ringi, ena ogonetsa kuti tulo tibwere thupi likuwawa, m'mawa china chake choti chikudzutse, pamwamba pake mowa, pamwambanso ma steroid chifukwa mabwana a nthawi imeneyo ankafuna zimphona za minofu yotukuka ndipo wochepa thupi ankatsalira kumbuyo. Izi sizongomva, dokotala wina George Zahorian amene ankagwira ntchito pa masewera a WWF (dzina lakale la WWE) ku Pennsylvania anapezeka wolakwa mu 1991 pa mlandu wogulitsa ma steroid kwa ma wrestler, McMahon naye anazengedwa mlandu mu 1994 ngakhale khothi linamupeza wosalakwa. Kurt Angle, amene anawina mendulo ya golide pa Olympics ya 1996 ku Atlanta khosi lili lothyoka, ananena yekha kuti panafika nthawi imene ankamwa mapilisi opha ululu a Vicodin okwana 65 pa tsiku limodzi. Angle ali moyo, anasiya, koma mu 2022 anamuchita opaleshoni yosintha mawondo onse awiri.

Anzake ambiri mwayi umenewo sanaupeze. Brian Pillman anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 35, Rick Rude mu 1999 zaka 40, Davey Boy Smith uja ankatchedwa British Bulldog mu 2002 zaka 39, Curt Hennig mu 2003 zaka 44, Umaga mu 2009 zaka 36. Awa anali anthu amphamvu zoopsa, oti ukawaona pa TV umati sangadwale ngakhale chimfine. Imfa ya Eddie Guerrero ndi imene imandikhudza kwambiri chifukwa iye uja anali atalimbana nazo nkupambana. Anachita ngozi ya galimoto kumayambiriro kwa 1999, anabwerera ku ntchito msanga, mapilisi ndi mowa zinamugwira mpaka anachotsedwa ntchito mu 2001, banja linagwedezeka, koma anadzikonza, anabwerera, mu February 2004 anagonjetsa Brock Lesnar nkutenga lamba wamkulu wa WWE. Mu November 2005 anamupeza atamwalira mu chipinda cha hotela ku Minneapolis, ali pa ulendo wa ntchito, zaka 38 zokha, mtima unaima. Munthu anali atasiya zoledzeretsa kwa zaka ndithu koma mtima unali utawonongeka kale ndi zakale zija.

Za ubongo nazo zinatenga nthawi kuti anthu azivomereze. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kumenyedwa ndi mpando wachitsulo m'mutu kunali ngati moni, ndipo wrestler woika manja kuti adziteteze ankaoneka wamantha. Mick Foley pa Royal Rumble ya 1999 anamangidwa maunyolo manja kumbuyo nkumenyedwa ndi The Rock mpando m'mutu ka 11, mkazi wake ndi ana ake aang'ono ali pa mpando wakutsogolo akuona. Foley yemweyo mu June 1998 ku Pittsburgh anaponyedwa ndi Undertaker kuchokera pamwamba pa chikhola cha Hell in a Cell nkugwera pa tebulo, anamunyamula pa machira, anatsikapo nkukweranso pamwamba pomwepo, nkugwanso kachiwiri kubowola denga la chikholacho mpaka dzino linapezeka pamphuno. Khutu lakenso mbali ina linaduka mu 1994 ku Munich litakodwa mu zingwe. Mpaka lero vidiyo ya kugwa kuja imaonetsedwa ngati chinthu chonyaditsa, koma yang'anani mmene bamboyu amayendera masiku ano, chiuno ndi bondo anachita kumusintha.

Chinadzidzimutsa dziko ndi za Chris Benoit mu June 2007 ku Fayetteville, Georgia. Anapha mkazi wake Nancy, anapha mwana wake Daniel wa zaka 7, kenako anadzipha. Pano ndinene momveka bwino, sindikumuikira kumbuyo, amene analakwiridwa ndi mayi uja ndi mwana uja ndipo palibe matenda amene angafufute zimenezo. Koma madokotala atapima ubongo wake anapeza matenda aja amatchedwa CTE, obwera chifukwa chogundidwa m'mutu mobwerezabwereza, ndipo dokotala Julian Bailes anati ubongo wa munthu wa zaka 40 ameneyu unkafanana ndi wa nkhalamba ya zaka 85 yodwala matenda oiwala a Alzheimer's. Benoit kwa zaka zoposa 20 ankadumpha kuchokera pamwamba pa zingwe nkugwera mnzake ndi mutu, usiku ndi usiku. Amene anakankha kuti ubongowo upimidwe anali Chris Nowinski, naye wrestler wakale wophunzira ku Harvard amene anasiya kumenya mu 2003 chifukwa mutu sunasiye kumuwawa atagundidwa. Mu 2009 Andrew Martin, uja tinkamudziwa kuti Test, anamwalira ali ndi zaka 33 chifukwa cha mapilisi opha ululu, ubongo wake nawo anaupeza ndi CTE. Vuto la matendawa nlakuti amatsimikizika munthu atafa kale, nde ali moyo amangooneka ngati wayamba kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga, kukhumudwa, achibale nkumati wasintha khalidwe osadziwa kuti mkatimo zinthu zikuwonongeka.

Koma ngati pali usiku umodzi umene umaonetsa mmene bizinesi imeneyi imaonera anthu ake, ndi wa pa 23 May 1999 ku Kansas City. Owen Hart, mng'ono wake wa Bret Hart, katswiri weniweni amene sankasowa zidule kuti asangalatse anthu, anauzidwa kuti alowe mu ringi potsika ndi chingwe kuchokera kudenga la holo atavala ngati Blue Blazer, zongofuna kuseketsa anthu basi. Chomangira chinamasuka nthawi isanakwane, anagwa mamita pafupifupi 24 nkumenya pachifuwa pa zingwe za ringi. Anali ndi zaka 34, mkazi ndi ana awiri kunyumba. Jim Ross amene ankaulutsa anauza oonera pa TV kuti izi sizamasewera, ndipo patapita nthawi pang'ono analengeza kuti Owen wamwalira. Ndiye mukudziwa chinachitika? Masewera anapitilira. Anzake amene ankadya naye, kuyenda naye, anauzidwa kuti akwere mu ringi yomweyo akamenye, ena akulira, mpaka ndewu yomaliza ya Undertaker ndi Steve Austin inachitika ngati palibe chachitika, ndipo anthu amene anali mu holomo sanauzidwe kuti munthu uja wafa. Mkazi wake Martha anasumira kampani, mu 2000 anagwirizana kunja kwa khothi pa madola 18 miliyoni, ndipo mpaka lero amakana kuti dzina la mwamuna wake lilowe mu Hall of Fame ya WWE, mndandanda wa akatswiri amene kampaniyo imawalemekeza. Ine mayi ameneyu ndimamumvetsa ndithu.

Mu October 1999 Darren Drozdov anagwera khosi pa ndewu yake ndi D'Lo Brown, anafa ziwalo nkukhala pa njinga ya olumala mpaka anamwalira mu 2023. Austin mwiniwake anavulala khosi pa SummerSlam ya 1997 mpaka anakhala kanthawi osatha kugwedeza manja ndi miyendo, koma anakwawa nkumaliza ndewu, patangotha miyezi itatu anali atabwerera, mu 2003 ali ndi zaka 38 thupi linakana. Ndipo izi si za ku America kokha. Ku Japan Mitsuharu Misawa, mmodzi mwa akatswiri olemekezeka kwambiri kumeneko, anafera pa ntchito ku Hiroshima mu June 2009 ataponyedwa chagada, zaka 46, khosi linali litatopa kale ndi zaka zambiri zogwera mutu koma ankamenyabe poti kampani inali yake ndipo imadalira dzina lake. Ku Mexico Perro Aguayo Jr. anavulala khosi mu ringi ku Tijuana mu March 2015 nkumwalira ali ndi zaka 35.

Mbali ina imene sitiiona pa TV ndi ya kunyumba. Bambo amene ali pa ulendo masiku ambiri chotere ana ake amakula akumuonera pa sikirini ngati mmene tikumuonera ife, maukwati amatha, ndipo munthu amene wazolowera kuti anthu 15,000 azikuwa dzina lake akabwerera m'nyumba ya zii sadziwa kuti iye ndi ndani. Ena dzina limene dziko lonse limawadziwa nalo ndi la kampani, akachotsedwa ntchito amalisiya komweko. Jake Roberts ndi Scott Hall anatsala pang'ono kutheratu ndi mowa ndi mankhwala mpaka mnzawo Diamond Dallas Page anawatengera kunyumba kwake nkuwasamala, mnzawo osati kampani. Chyna, mayi amene anatsegulira akazi ambiri njira, anamwalira yekha m'nyumba mu 2016 ali ndi zaka 46, mankhwala ndi mowa. Banja la Von Erich ku Texas linaika m'manda anyamata anayi amene anali ma wrestler pakati pa 1984 ndi 1993, David, Mike, Chris ndi Kerry, atatu mwa iwo anachita kudzipha, anatsala Kevin yekha. Ndipo masiku ano kwabweranso chilombo china, intaneti. Hana Kimura wa ku Japan anali ndi zaka 22 zokha pamene anadzipha mu May 2020 anthu atamutukwana usana ndi usiku pa masamba a mchezo chifukwa cha zimene anaona pa pulogalamu ina ya pa TV, mayi ake Kyoko amenenso anali wrestler anamenya nkhondo mpaka mu 2022 Japan inakhwimitsa lamulo lotukwana anthu, tsopano munthu atha kukakhala kundende mpaka chaka chimodzi.

Ndisanamizire kuti palibe chasintha. Eddie atamwalira WWE inayambitsa ndondomeko yoyeza mankhwala ndi mtima mu February 2006, ndipo kuyeza kumeneku kunapeza vuto la mtima mwa wrestler wotchedwa MVP mu 2007 limene mwini wake sankalidziwa. Mu 2007 anayamba kulipirira ma wrestler akale amene akufuna chithandizo chosiya mankhwala, mu 2010 analetsa mpando wa m'mutu. Edge anauzidwa kuti asiye mu 2011 chifukwa cha khosi, Daniel Bryan mu 2016 chifukwa cha mutu, Paige mu 2018 ali ndi zaka 25 zokha, kale anthu ngati amenewa akanangopatsidwa mapilisi nkukankhidwira mu ringi. Maulendo nawo achepako poyerekeza ndi kale. Zonsezi nzabwino, koma taonani kuti chilichonse chinabwera maliro atachitika kale ndi manyuzipepala atayamba kufunsa. Ndipo akale aja amene anamanga bizinesiyi ndi mitu yawo atapita kukhothi mu 2016, oposa 50, kudandaula za kuvulala kwa ubongo, mlandu unathetsedwa mu 2018, mwa zifukwa zina poti ambiri anadandaula mochedwa. Matenda oti amaonekera patatha zaka 20 munthu adandaula bwanji msanga? Komanso malamulo onse ndatchulawa ndi a makampani akuluakulu, kuli timakampani tambirimbiri tating'ono kumene anyamata ndi atsikana amagwera pa matebulo ndi magalasi pa ndalama yosakwana ngakhale mafuta a galimoto, dokotala palibe pafupi, akungoyembekeza kuti mwina tsiku lina wina adzawaona.

Ife oonera tilinso ndi mbali yathu, ndipo apa ndi pamene ndimafuna tiganizepo bwino. Mu June 2022 Cody Rhodes analowa mu Hell in a Cell kukamenyana ndi Seth Rollins mnofu wa pachifuwa utang'ambika kuchoka pa fupa, atavula jekete theka la chifuwa ndi mkono zinali zakuda bii ndi magazi oundana, anamenya mphindi zoposa 20, dziko lonse linamutama kuti ndi mwamuna weniweni, kenako opaleshoni nkukhala kunja mpaka January 2023. Kulimba mtima kwake sindikukutsutsa, koma mnyamata amene akuyamba kumene waphunzirapo chani? Waphunzira kuti ukafuna kukondedwa usanene kuti zikuwawa. Tikaona ndewu yopanda kudumpha koopsa timati yabowa, wina akaphonya pang'ono timamukuwiza, chimene chinatidabwitsa chaka chatha chaka chino tikufuna chiwonjezereke, nde iwo amakwera pamwamba kwambiri, amagwera malo olimba kwambiri. Miyezi itatu Cody asanachite zake zija, Big E anathyoka khosi pa pulogalamu ya SmackDown ataponyedwa kunja kwa ringi nkugwera mutu, mafupa awiri a khosi, kaponyedwe wamba koti timakaona sabata iliyonse, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanamenyenso.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi nlakuti mukamalemba za masewerawa musamangolemba kuti uje watenga lamba, muzilembanso wina akavulala kapena akamwalira, zaka zake ndi chimene chamupha, kuti owerenga aziona okha mmene manambalawa akuyendera. Ndipo kwa eni makampaniwa zofunika sizambiri ayi, awalembe anthuwa ngati antchito enieni okhala ndi inshulansi ndi penshoni, asawaopseze akafuna kupanga bungwe lawo, ndipo wrestler aliyense azipatsidwa miyezi iwiri kapena itatu pa chaka yopuma akulandira malipiro, mosinthanasinthana kuti pulogalamu isaime. WWE inasainirana ndi Netflix mgwirizano wa madola 5 biliyoni wa zaka 10 woonetsa Raw kuyambira January 2025, ndalama yopumitsira anthu ake miyezi itatu singasowe pamenepo.

Ndine wowerenga wanu,
Wokonda wrestling